Thabwa la Mabowo Asanu ndi Anayi

Adokotala atsopano aja ndinayamba kuwakayikira asanatsegule n'komwe pakamwa. Munthu wanji woti odwala alowa, apereka moni, akhala pansi, iye maso ali pa kompyuta ngati m'chipindamo mwangolowa mphepo? Akazi anga anandiponda chala pansi pa tebulo. Amandidziwa bwino. Ndikayamba kukanda chibwano ndiye kuti mawu ali pafupi kutuluka, ndipo mawu anga sasankha poti pano pali ophunzira.

Kwa zaka khumi ndi chimodzi tinkaonedwa ndi adokotala ena achikulire, a dazi, amene kunyumba tinkangowatchula kuti a Chimodzimodzi. Chaka chilichonse ankayang'ana zithunzi za m'mutu mwa akazi anga, n'kuyang'ana mapepala a anamwino, n'kutsokomola kamodzi, n'kunena kuti zinthu zili chimodzimodzi. Tikamva zimenezo tinkatuluka m'chipatala ngati anthu okhululukidwa mlandu. Tsopano anali atapuma pantchito, ndipo pampando pawo panakhala mayi wachitsikana wa msinkhu wa mwana wathu woyamba.

Matenda a akazi anga ali ndi dzina lalitali lachingerezi, madokotala amangolidula n'kumati emu esi. A Chimodzimodzi anatifotokozera kuti mitsempha ya mu ubongo ndi mumsana ili ngati mawaya a magetsi okutidwa bwino, ndiye thupi limasokonezeka n'kuyamba kusenda lokha chokutiracho. Posendeka pamatsala chipsera, ndipo zipserazo zimaoneka ngati timadontho toyera akamujambula munthu m'chimakina chaphokoso chojambula m'kati mwa mutu. Zaka zoyamba matendawa ankabwera mwankhondo. Diso lamanzere linachita mdima mwezi wathunthu, ulendo wina mwendo unachita dzanzi mpaka m'chiuno, kenako zonse n'kuchoka ngati sizinabwere. Atayamba kubaya jakisoni, nkhondozo zinatha, ndipo dontho latsopano silinaonekenso.

Akazi anga amagwira ntchito m'shopu ya magalasi a maso. Analowamo ali mtsikana, ndipo malo awo anali pa benchi ya kuseri: kudula galasi, kuliika m'felemu, kumanga tisikuluwu tating'ono ngati mutu wa nyerere. Benchi imeneyo ankainyadira kuposa mmene amandinyadira ine, ndipo sindikudandaula, ndi zoona. Mwini shopu atamva za matenda anati chaka chilichonse azibweretsa kalata ya adokotala yonena kuti manja akadali bwino, poti makina odulira aja sasewera ndi zala za munthu. Choncho mawu aja akuti chimodzimodzi ndiwo ankawasunga pa benchi, ndipo ine ndinali wokonzeka kulimbana ndi aliyense wofuna kuwasintha.

Kalatayo inkadalira mayeso awiri. Anamwino ankatulutsa kathabwa ka mabowo asanu ndi anayi, pambali pake kambale ka tizikhomo. Wodwala azitola kamodzikamodzi ndi dzanja limodzi, kuika m'mabowo onse, kenako kuzulanso, anamwino atagwira wotchi. Akatha, pankabwera pepala lodzaza zizindikiro, timitanda, timakona, timizere topindika. Pamwamba pa pepalalo pankasonyeza kuti chizindikiro ichi nambala yake ndi iyi, ndiye wodwala azitchula manambala mwachangu mpaka wotchi italira.

Adokotala atsopano aja atatha kuyang'ana zawozo anatembenuza kompyuta kuti nafe tione. Panali zithunzi ziwiri moyandikana, chakumanzere cha zaka zisanu ndi zinayi zapitazo, chakumanja cha mwezi watha. Ine ndinathamangira kuwerenga timadontho toyera, poti ndi timene tinaphunzitsidwa kuopa. Tinali tomwe tija, palibe katsopano, ndipo ndinawauza zimenezo mokweza kuti adziwe kuti sitinayambe lero.

Anavomera, koma anati ndisayang'ane madontho okha. Analoza pakati pa chithunzi, pamene pali mipata iwiri yakuda, anati mmenemo mumakhala madzi. Pa chithunzi chakale mipatayo inali yopyapyala, pa chatsopano inali itakula, ndipo m'makwinya a m'mbali namonso munali mutatseguka. Ndine kalipentala ine, diso langa silifuna tepi kuti lione kuti thabwa lauma n'kusiya mpata pa joini. Ndinaona, koma ndinapinda manja ngati sindikuona. Anati ubongo wa aliyense umachepa pang'ono ndi ukalamba, koma uwu ukuchepa mofulumira kuposa msinkhu wa mwini wake. Matendawa, anatero, nthawi zina amasiya kubwera mwankhondo n'kumangodya mwakachetechete, popanda dontho latsopano ngakhale limodzi.

Kenako anatenga mapepala a anamwino n'kuwayala pa tebulo, chaka ndi chaka.

“Chikundidabwitsa n'ichi,” anatero. “Chithunzi chikuti zinthu zikutsika. Mapepalawa akuti manja akuthamanga kuposa kale, ndipo chaka chilichonse akuwonjezera liwiro. Pa ziwirizi, china chikundinamiza.”

Anati tibwerenso pakatha milungu iwiri, kalata ya kuntchito adzalemba nthawi imeneyo. Potuluka anayang'ana dzanja la akazi anga pamene ankasaina pepala, anayang'ana nthawi yaitali, ndipo ine ndinaona kuti ayang'ana.

Apa ndiyenera kubwerera m'mbuyo pang'ono, chifukwa pali chinthu chimene adokotalawo sankachidziwa. Zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo akazi anga anatha masekondi 27 pa kathabwa kaja, pamene chaka chapitacho anatha 23. Anamwino analemba nambalayo n'kuidula mzere kunsi. A Chimodzimodzi tsiku limenelo sananene mawu awo aja. Anati chaka chamawa zikadzaterenso tidzakambirana za mankhwala ndi za kalata. Ine za mankhwala sindinazimve n'komwe, khutu langa linagwira mawu akuti kalata. M'basi yobwerera kunyumba akazi anga analira chamumtima, nkhope ataloza pa windo, ndipo ndinalumbira kuti kathabwa ka ana a sukulu ya mkaka sikadzaliritsanso mkazi wanga.

Kathabwako ndinali nditakagwira kale m'manja pamene anamwino anatuluka kukatenga cholembera. Ndinakayeza ndi chala chachikulu, ndinaloweza kuya kwa bowo ndi kunenepa kwa chikhomo. Mawa lake ku shedi ndinadula chipande cha thabwa louma, ndinaboola mabowo asanu ndi anayi, ndinasema tizikhomo n'kutipala ndi sandipepa mpaka kuterera. Kambale ndinagoba m'thabwa lomwelo. Mukanaika langa ndi la kuchipatala pamodzi, anamwino akanasokonezeka kuti lawo ndi liti. Pepala la zizindikiro nalo silinandivute, poti chaka chilichonse ankatulutsa lomwelo. Akazi anga anakumbukira zina, ine ndinakumbukira zina, tinalijambula pa katoni.

Kuyambira pamenepo, m'mawa uliwonse tisanapite kuntchito, tinkakankhira makapu kumbali n'kuika thabwa pa tebulo la kukhitchini. Ine ndi wotchi ya pafoni, iwo ndi tizikhomo. Kakhumi dzanja lamanja, kakhumi lamanzere, kenako katoni. Ankandiseka kuti amisiri asanduka ahedi a sukulu ya mwana mmodzi. Chaka chotsatira anatha masekondi 22, kenako 21, kenako 19, ndipo anamwino ankaitana anzawo kuti adzaone. A Chimodzimodzi anabwereranso pa mawu awo. Ine sindinkaona ngati tikubera munthu. Mwana akamawerenga asanalembe mayeso, ndani amati wabera?

Ndiye mumvetse chifukwa chake mawu aja akuti china chikundinamiza anandikhala pakhosi. Koma m'malo modzifunsa ndekha, ndinayamba kusaka wolakwa kunja. Poyamba ndinati zithunzi zasinthanitsidwa, chifukwa tsiku lojambula kunali anthu ambiri, ndipo patsogolo pathu panali agogo ena oyendera ndodo. Mutu wa munthu ukajambulidwa mkati ulibe nkhope, ungadziwe bwanji kuti ndi wa uje? Ndinabwerera kuchipatala ndekha, ndinaima pa kawindo ka ojambula mpaka anandisonyeza dzina ndi tsiku lobadwa pakona pa chithunzi. Zinali zolondola. Wojambulayo anandisonyezanso dzino lachitsulo la akazi anga likuoneka m'munsi mwa zithunzi zonse ziwiri, ndipo anandifunsa ngati ndili ndi funso lina.

Kenako ndinati adokotala achitsikana aja akufuna anthu oyeserapo mankhwala atsopano, akwezedwe pantchito ndi mutu wa mkazi wanga. Ndinauza mlamu wanga, mng'ono wa akazi anga, pafoni. Iye anaseka n'kunena kuti alamu, inu tsiku lina mudzakayikira ngakhale chithunzithunzi chanu kuti chikukulondolani bwanji. Koma nditamufunsa ngati akulu ake anamudandaulirapo kanthu, anangoti mwana akulira, adzaimbanso. Mwana wake womaliza ali ku sekondale.

Ganizo lachitatu ndilo linandiyendetsa pansi. Ndinati mwini shopu watopa ndi wodwala, akufuna kuika wachibale pa benchi, ndiye wakambirana ndi adokotala kuti kalata isatuluke. Utsi sufuka popanda moto, ndinkadziuza choncho uku ndikupala thabwa la mwini mpaka kuliondetsa. Lachitatu masana ndinatseka shedi, ndinasasa utuchi m'tsitsi, ndinapita ku shopu ya magalasi. Sindinalowe. Ndinaima tsidya la msewu, kuseri kwa lole yotsitsa katundu, munthu wamkulu ndi ndevu zoyera kuchita kusuzumira ngati wakuba.

Akazi anga anali kutsogolo, pa kauntala. Anali atagwira kalilole, mayi wina akudziyang'ana ndi felemu yofiira. Ndinati mwina akungothandiza poti wapakauntala wapita kokadya. Koma chitseko cha kuseri chinali chotsegula, ndipo pa benchi paja, pansi pa nyale yopindika imene ndinaikonzera mwendo ndi manja angawa, panakhala mayi wina wamtali amene sindinamuonepo. Ndinaima ola lathunthu. Makasitomala anayi analowa n'kutuluka, magalasi awiri anapita kuseri kukamangidwa, ndipo akazi anga sanasunthe pa kauntala.

Mwini shopu anandipeza pomwepo akuchokera kodya, bambo wonenepa wokonda kuseka. Anandiomba paphewa n'kufunsa ngati amisiri ayamba ntchito ya ulonda. Ine ndinalibe zoseka. Ndinamufunsa mosapsatira kuti ndani wachotsa mkazi wanga pa benchi, komanso wakambirana zotani ndi achipatala za kalata. Kuseka kuja kunatha, anandiyang'ana ngati ndayankhula chiyankhulo china.

Anati palibe anawachotsa. Zaka zinayi zapitazo anapempha okha, atagwetsa magalasi a makasitomala katatu m'mwezi umodzi, ndipo tsiku lina chala chinatsala pang'ono kulowa m'makina. Kalata ija iye anasiya kuifuna nthawi yomweyo, koma iwo amabweretsabe chaka chilichonse, ndiye amangoilandira n'kuiponya m'dilowa osaiwerenga. Anati pa kauntala amagwira bwino, makasitomala amawakonda, kungoti masiku ano amalemba chilichonse, ndipo anthu awiri akawayankhula nthawi imodzi amaima kaye ngati aiwala pamene anali. Anamaliza n'kuti iye ankaganiza kuti ndikudziwa.

Ndinabwerera ku shedi mtima ukuwawa, ndipo sindibisa, panali nsanje mkati. Bambo wonenepa uja ankadziwa za manja a mkazi wanga zaka zinayi, mlamu wanga ankadziwa, mayi wamtali wa pa benchi ankadziwa, ine wogona nawo nyumba imodzi ndinali mbuli. Ndinali nditakayikira wojambula, adokotala, mwini shopu, ndipo tsopano wokayikiridwa anatsala mmodzi. Akuluakulu anati khoswe akakhala pa mkhate sapheka. Ukamufunsa bwanji munthu wodwala, amene wakhala naye zaka makumi atatu, kuti bwanji ukundinamiza?

Sindinafunse. Ndinayamba kuyang'ana m'nyumba mwanga momwe ngati mlendo. Makapu adothi anali atakwera pa shelefu yapamwamba, pansi panali a pulasitiki, amene akazi anga anandiuza kuti ndi a zidzukulu, chonsecho zidzukulu zimabwera kawiri pa chaka. Nsapato zonse za akazi anga zinali zongopisa phazi, za zingwe palibe. Ndinatsegula wadilopu n'kugwira malaya amodziamodzi, ndipo sindinapeze batani ngakhale limodzi, onse ongovala chodutsa m'mutu. Kuseri kwa chitseko cha kabati kunali timapepala tomata, tolembedwa ndi zilembo zazikulu zonjenjemera: zimitsa mbaula, makiyi m'chikwama, jakisoni Lolemba. Zonsezi zinali pamaso panga chikhalire, ine ndinkangodutsa ndi wotchi m'manja.

Madzulo ankabwera, n'kundifunsa za ku shedi, n'kundiuza za kuntchito. Ndinayamba kumvetsera mmene ankasanjira mawu. Sankanena kuti ndamanga kapena ndadula, ankati lero tinali ndi felemu yovuta, lero tinadula magalasi ambiri. Bodza lenileni panalibe, koma zoona nazo zinali zitapindidwa bwino ngati chovala cha m'sutikesi. Ndinkatafuna chakudya pang'onopang'ono uku ndikuwayang'ana, iwonso n'kumandiyang'ana, aliyense akudikira mnzake.

M'mawa wa tsiku lobwerera kuchipatala ndinatulutsabe thabwa lija. Musandifunse chifukwa, mwina chizolowezi, mwina mantha. Anakhala pansi, ndinadina wotchi, ndipo dzanja linayenda lokha, iwo maso ali pa windo kuyang'ana zovala za aneba pa chingwe. Masekondi 18. Dzanjalo linkadziwa njira ya mabowo aja ngati mmene mapazi amadziwira njira ya kwawo. Pozula, kachikhomo kamodzi kanagubuduka n'kugwera pansi. Anawerama kuti atole, zala zinakaphonya, anayesanso, kanaterereka, kachitatu kanathawira pansi pa mpando. Anakakankhira kwa ine ndi phazi n'kunena moseka kuti amisiri, tolani mwana wanu wagwa. Ndinatola, ndipo funso linafika pa lilime koma ndinalimeza. Ndinkaopa yankho, si china ayi.

Kuchipatala anamwino sanabwere. Adokotala anati lero ayesa okha, ndipo anatsegula kabati n'kutulutsa thabwa lina, lachitsulo pamwamba, la mabowo ambiri. Tizikhomo take tinali ndi kamphuno m'mbali ngati kiyi, toti uyambe watembenuza kaye ndi zala kuti kalowe. Magazi anandikwera kumutu. Ndinati amenewa si mayeso a chaka chilichonse, uwu ndi msampha, munthu sungamusinthire mayeso pa tsiku lolemba. Adokotala anayankha mofatsa kuti awa si mayeso oti munthu akhoze kapena alephere, iwo akungofuna kuona manja. Akazi anga anandigwira mkono n'kuti ndikhale pansi.

Zimene ndinaona sindidzaziiwala. Kachikhomo koyamba anakatola bwino, koma pokatembenuza kanazungulira mopitirira, anabweza, kanapitiriranso. Kachiwiri kanagwa pa tebulo. Thukuta linatuluka pamphuno, lilime analiluma, dzanja linkanjenjemera likayandikira bowo. Atamaliza mzere wachiwiri anaika dzanja pa ntchafu n'kunena kuti basi. Adokotala sanakakamize, anangolemba.

Kenako anapereka pepala la zizindikiro. Apa ndinapuma, ndinati pano pokha tiwaonetsa. Akazi anga anayamba ndi liwiro lija la kukhitchini, manambala akutuluka ngati nyimbo, ndipo ine ndinkagwedeza mutu. Asanamalize mzere woyamba adokotala anaimitsa wotchi. Anati ayang'anenso pamwamba pa pepala. Zizindikiro zinali zomwe zija, koma manambala anali atasinthanitsidwa, kamtanda kamene ife timakadziwa kuti ndi folo kanali seveni. Akazi anga anali asanayang'ane n'komwe pamwambapo, ankatchula za pa katoni yathu. Atayambiranso moyang'ana, chala chinkapita pamwamba, n'kubwerera, n'kusochera mzere, n'kupitanso. Wotchi inalira asanafike theka la pamene amafika chaka chilichonse.

Adokotala anaika cholembera pansi. Sanayang'ane akazi anga, anayang'ana ine, n'kufunsa ngati pepala lakale lija tili nalo kunyumba.

Ndinafuna kukana, ndinafuna kufunsa kuti akundiyesa wakuba kodi, koma utuchi unali m'zikhadabo zanga ndipo manyazi anali atandigwira kale. Ndinaulula zonse, thabwa, tizikhomo, katoni, kakhumi dzanja ili kakhumi linalo. Ndinatchula ngakhale mtundu wa mtengo, ngati zimenezo zingathandize. Adokotala sanakalipe, ndipo kukanakhala bwino akanakalipa. Anangofunsa kuti tinayamba liti. Nditati zaka zisanu ndi chimodzi, anatsegula faelo yakale n'kufunafuna tsamba la chaka chimenecho.

Anatiwerengera zimene a Chimodzimodzi analemba ndi dzanja lawo. Analemba kuti dzanja lamanja layamba kuchedwa ngakhale madontho atsopano palibe, ndipo chaka chamawa likadzachedwanso, wodwala asinthidwe jakisoni apatsidwe mankhwala amphamvu. Tsamba lotsatira analemba kuti dzanja labwerera mwakale, mankhwala apitirire omwewo. Masamba ena anayi anali ndi mawu omwewo.

Ndinafunsa funso limene munthu aliyense akanafunsa, mawu akutuluka mokokera. Ndinati tikanapanda kuchita zimenezi, chithunzi chakumanja chija chikanakhala bwanji?

“Sindikunamizani, bambo,” anatero. “Mwina mankhwalawo akanachedwetsa, mwina akanathandiza pang'ono chabe. Palibe angadziwe. Chimene ndikudziwa n'choti zimene zachoka pa chithunzipa sizibwerera. Tiyambira pamene tili lero.”

Anafotokoza za mankhwala atsopano, za magazi oti ayezedwe kaye, za anthu ophunzitsa mafizo amene angathandize manja ndi miyendo. Anapempha kuti thabwa langa lipume. Za kalata anafunsa ngati ikufunikabe, ndipo akazi anga anapukusa mutu osandiyang'ana. Ine ndinkangovomera chilichonse, koma sindinagwire ngakhale theka.

Titatuluka akazi anga anati miyendo yatopa, ndiye tinakhala pa benchi ya m'khonde, pafupi ndi chitseko cha kolandirira mankhwala. Anthu ankadutsa ndi mabuku awo a chipatala. Mkwiyo wanga unalibe kolowera, choncho unalowera kwa iwo. Ndinawauza kuti ku shopu ndinapitako, kauntala ndinaiona, timapepala ta m'kabati ndinatiwerenga. Ndinafunsa kuti zaka zinayi zonsezi, benchi atasiya, kalata ilibe ntchito, ankakhaliranji pa tebulo m'mawa uliwonse n'kumandilola kudina wotchi ngati chitsiru.

Sanadabwe kuti ndikudziwa. Anati mwini shopu anawauza tsiku lomwelo kuti ndinabisala kuseri kwa lole. Anasisita dzanja lamanja ndi lamanzere.

“Zaka ziwiri zoyamba ndinkakhozera kalata,” anatero. “Zinazi ndinkakhozera inu. Mukanadziona nkhope yanu, amisiri, wotchi ikaima pa 19. Munkapita ku shedi mukuimba likhweru. Nyumba yonse ya anthu awiri, mmodzi yekha ndiye ankakhulupirira kuti ndikuchira. Ndikanamulanda bwanji?”

Misozi inandifika ndipo ndinailola, pakati pa anthu, munthu wa ndevu zoyera. Anandisiya mpaka ndinatha, kenako anafunsa ngati ku shedi kuli paipi yachitsulo yolimba kapena thabwa losawola ndi madzi. Ndinati zilipo zonse. Anati tikafika kunyumba ndikayeze khoma la kubafa, akufuna chogwirira chachitali ngati mkono. Chaka chino chokha anali atagwamo kanayi, ndipo kawiri mwa maulendo amenewo ine ndinali kukhitchini, ndikusanja tizikhomo m'kambale n'kumawaitana kuti afulumire.

Ndinapukuta kumaso n'kufunsa kuti chikhale msinkhu wanji kuchokera pansi, poti mmisiri sakhoma chinthu asanafunse mwini wake. Ndinkayembekezera kuti aloza cha m'chiuno. Anatsitsa dzanja mpaka kunsi kwa bondo, pamene munthu angafikire ali pa simenti.